Chipewa cha ku London paulendo wa ku Makhanga

Lolemba, 9 Okutobala 2023, Chilomoni usiku

Mawa ndikutsika kumudzi. Patha zaka ziwiri ndisanapondeko, ngakhale nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi muja sindinapite, ndinangotumiza kandalama pa foni nkumadzinamiza kuti ndathandiza, manyazi ake ndikuwamva lero ndikulongedzamu. Mu chikwama muli sopo, mafuta ophikira, shuga mapaketi atatu (inde ndikudziwa, kunyamula shuga kupita naye komwe nzimbe zake zimalimidwa), chitenje cha amayi poti Lamulungu ndi tsiku la anakubala. Nde pali katundu mmodzi amene wandisowetsa mtendere sabata yonseyi, chipewa.

Asisi anga amene amasamalira okalamba ku London atumiza chipewa cha agogo kudzera kwa mnzawo anabwera ku maliro mwezi watha. Chakuda, cholimba ngati bulangete, cha mlomo kuzungulira, zija ankavala abusa pa zithunzi zakale. Malangizo ake ngati ndanyamula mazira, usachipinde, usachikhalire, chisanyowe, ukawapatsa uwaonetsenso chithunzi ndakutumizira pa WhatsApp chija.

Pa chithunzipo asisi aima atavala chijekete, kumbuyo kwawo chimwala chachitali, pamwamba pa chimwalacho paima John Chilembwe. Wathu yemweyu wa pa K500 ndi K2000, ali pakati pa London pa bwalo lotchedwa Trafalgar Square, manja kumbuyo, chipewa kumutu. Anapanga chibolibolicho ndi Mmalawi mnzathu Samson Kambalu amene amaphunzitsa ku Oxford, anachivundukula pa 28 Sepitembala 2022. Asisi akuti tsiku lawo la off anakwera basi dala kukachiona, atafika pansi pake misozi inangoyamba yokha, azungu akudutsa ndi makamera awo osadziwa kuti mayiyu walira chani. Pobwerera nkulowa mu shopu kugula chipewa. Ine ndinawaseka pa foni kuti ndalama imeneyo bwenzi titagula matumba a chimanga, amvekere iwe ingonyamula.

Ndachiika mu jumbo ziwiri. Alamu 5 koloko.

Lachiwiri, 10 Okutobala, Nchalo

Ndinafika pa siteji 6 koloko nkumadziona ngati wochenjera, minibasi inanyamuka 9 itadutsa. Pokwera ndinapezamo anthu anayi, awiri anali oitanira ongokhalamo kuti izioneka ngati yatsala pang'ono, bodza lakalekale koma limandigwirabe chaka ndi chaka. Kondakitala amvekere Nchalo 6 sauzande, ine 5, iye mafuta akusowa bigi mukudziwa nokha, tinathera pa 5,500.

Mpaka pa Madziabango kunali bwino, kamphepo kakulowa. Kenako makona aja. Ine msewu wotsika ku Chikwawa sindinauzolowere ngakhale ndinabadwira kumunsi konkuno, fungo la mabuleki likayamba kumveka ndimasiya kulankhula, ndipo lero dalaivala amatsika uku akukangana ndi munthu pa foni za ndalama ya matayala. Kumanja phompho, kutsogolo chigwa chonse chayala, Shire akunyezimira ngati lata, kutali uko kubiriwira kwa nzimbe. Makutu anatseka. Pofika pa Thabwa mpweya wolowa pa windo unali ngati wotuluka mu uvuni wa masikono, aliyense nkuyamba kuvula majuzi a ku Blantyre.

Titaoloka mlatho wa Kamuzu mayi amene ndinakhala nawo, a geni ya nsomba akubwerera ndi madengu opanda kanthu, anafunsa kuti achimwene mwafungatira chani chonchi, keke? Ndinatsegula jumbo pang'ono, kenako ndinawaonetsa chithunzi, basi foni yanga inayenda minibasi yonse mpaka mpando wakumbuyo ine mtima uli mmwamba kuti ibwerera koma. Kondakitala anasolola K2000 pa mpukutu wake nkuiyandikiza pa foni, amvekere ndi yemweyu koma pa ndalama anamuvula chipewa. Mnyamata wina wodula nzimbe anafunsa kuti nanga kamunthu kali pambalika ndi mwana wake? Anthu kuseka. Ndinawauza zomwe ndikudziwa, kuti ameneyo ndi mzungu, John Chorley, mmishonale mnzake, awiriwa anajambulitsa limodzi mu 1914 potsegulira tchalitchi cha Chilembwe ku Mbombwe ku Chiradzulu, onse atavala zipewa, pamene nthawi imeneyo munthu wakuda samaloledwa kuima pamaso pa mzungu chipewa chili kumutu. Kambalu anatenga chithunzi chimenecho nkumukuza Chilembwe dala mpaka mamita 5, mzunguyo nkumusiya msinkhu wa munthu wamba.

Bambo wina kutsogolo amene sanalankhule chichokereni ku Blantyre anafunsa osatembenuka nkomwe kuti analipira ndani, boma lathu? Ndinati ayi, malo amenewo amayendetsa ndi a ofesi ya meya wa London. Anangoti, anamupha okha amuimikanso okha. Palibe anayankha, mpaka pa Dyeratu pamene ana ogulitsa madzi a mmapepala anatizinga.

Ndagona kwa azakhali. Nsima ya mlamba wowamba wothira tomato yekha, ndinadya mitanda inayi osachita manyazi. Mnyumba simugoneka, tayala mphasa pabwalo neti tamangirira ku mtengo wa nimu, udzudzu wa kuno umaimba ngati kwaya ya chigawo. Mathirakitala a nzimbe akudutsabe usiku uno ndipo kukununkha utsi wa mminda yomwe awotcha. Chipewa chagona mnyumba pamwamba pa kabati, chili pabwino kuposa ine.

Lachitatu, 11 Okutobala, Bangula

Lero ndinatsala pang'ono kulira pagulu, munthu wamkulu ndevu pepeya.

Tinanyamuka pa Nchalo bwinobwino, kondakitala kulumbira kuti iyi nja Nsanje dairekiti. Kufika pa Ngabu anthu atsika ambiri, basi amvekere tsikani mukwere iyo, atigulitsa. Mukudziwa mmene zimakhalira, wina wakoka chikwama chako, wina akukukankha, mbuzi ikulira pansi pa mpando, iwe ukuthamangira malo a pa windo. Ndinapeza malo, minibasi yatsopanoyo sinali pafupi kunyamuka nde ndinatsika kukagula kanyenya wa mbuzi, pa Ngabu nyama sumadutsa, ka 500 kanayi ndi tsabola wambiri. Ndili pakati kutafuna ndinangoona kuti manja anga onse awiri ali ndi ntchito. Jumbo kulibe. Ndinaisiya mu minibasi yoyamba ija, ndipo inali itatembenuka kale kubwerera ku Nchalo.

Nambala yake sindinaione, ndimangokumbuka kuti yoyera, galasi lakutsogolo long'aluka. Ku Malawi kuno imeneyo ndi minibasi iliyonse. Ndinaima pakati pa siteji thukuta kamukamu ndikuganiza kuti asisi ndikawauza chani, chinthu chaoloka nyanja pa ndege nkudzatayika pa Ngabu chifukwa cha kanyenya.

Amene anandithandiza ndi woitanira, anthu omwe ndimawanyoza mumtima tsiku lililonse. Kamnyamata kowonda, maso ofiira, kanandifunsa kuti kondakitala wake anavala chani, ndinati jezi ya Bullets yong'ambika pakhosi, amvekere aaa ameneyo ndamudziwa. Anapempha foni yanga poti yake inalibe mayunitsi, anaimba katatu, kachitatu anayamba kukalipa mu Chisena chothamanga chomwe ine wokulira mtauni ndimangotolapo mawu awiriawiri. Kenako akuti khalani pansi bigi, chibwera.

Ndinakhala pa khonde la golosale maola awiri ndi theka. Minibasi yanga inapita ndi malo anga a pa windo, chikwama ndinachita kutsitsa. Ng'ombe zinadutsa gulu lalikulu fumbi koboo, ngolo za abulu, njinga zonyamula makala. Mayi wogulitsa thobwa pambali panga atamva nkhani yanga anandithirira kapu osafunsa, nditatulutsa ndalama anakana, amvekere imwani mtima ukhale pansi, katundu wa agogo satayika. Thobwa la mapira lozizira bwino, anakulunga chigubu ndi chiguduli chonyowa.

Cha mma 2 koloko inatulukira minibasi ina kuchokera ku Nchalo, kondakitala ali lende pakhomo akuitanira Bangula Nsanje, kumutu kwake chipewa cha agogo anga. Siteji yonse inafa nacho chiseko. Anatsika, nkuchivula mwaulemu ngati akupereka kwa bishopu, amvekere pepani bwana timangochiyesa. Jumbo zinapita koma chipewa chili bwino, changonunkha thukuta la munthu mmodzi. Woitanira uja ndinamupatsa 2 sauzande, anayang'ana ndalamayo nkuti mwandipatsa mwini chipewa.

Bangula ndafika dzuwa litapendeka, kuoloka madzulo ndakana. Resitihausi 7 sauzande, fani ilipo magetsi kulibe. Ndathira madzi pa simenti nkugona pansi.

Lachinayi, 12 Okutobala, tsidya lino

Dzina lokha la pa doko limakuuza zonse, Mtayamoyo. Kale sitima imadutsa apa kuchokera ku Limbe kupita ku Nsanje mpaka ku Marka, madzi anadula njanji mu 1997 ndipo kuyambira pamenepo ndi maboti basi. Amayi amanena za sitima imeneyo ngati munthu amene anamwalira, mmene ankagulitsira nsomba ndi mbatata pa windo pa siteshoni ya Makhanga.

Ndinalipira 1,500. Mu boti munalowa anthu, matumba a ufa, makireti a zakumwa, njinga zakapalasa zisanu ndi njinga yamoto imodzi yomwe anaikweza anyamata anayi akutukwanizana. Madzi anatsala chikhatho chimodzi kuti afike pa mlomo wa boti. Ine kusambira sinditha, ndivomere, mwana wa mmbali mwa Shire wosatha kusambira, anatitumiza kwa amalume ku Blantyre ndili sitandade 2. Kamwana kena kanali ndi ntchito imodzi yokha, kukapa madzi ndi chigubu chodula, ndipo maso anga anali pa iko ulendo wonse, kakapumira ine mtima umaima. Namasupuni anatikola pa injini kawiri. Wina analoza kumabango amvekere iyo yagona apo, sindinayang'ane dala, za ng'ona ndimakonda kumva ndili kumtunda. Chipewa ndinachivala ndekha poti manja onse anagwira thabwa, agogo andikhululukire, tsopano ovala asanavale eni ake takwana awiri.

Ku Makhanga ndinapempha wa kabaza kuti tidzere pamene panali pakhomo pathu. Bola ndikanapanda. Mchenga wokhawokha ngati kunyanja, pomwe panali nyumba pangotsala kachidutswa ka simenti ya pakhonde, mtengo wa bwemba umene tinkasewerapo ulipo koma waoneka waufupi chifukwa mchenga wakwera. Kumanda sikudziwika kuti wagona apa ndani. Chiyambire 2015 pamene Ruo anasiya njira yake nkudzera mmidzi, kwabwera Idai 2019, Ana ndi Gombe 2022, Freddy chaka chino, munthu umanga kangati? Tinakumana ndi amayi atatu atasenza mabeseni a nyika kuchokera kudambo. Okutobala yemwe uno anthu ayamba kale kudya nyika, Febuluwale adzadya chani kaya.

Kumene anasamukira ndi kumtunda, mphindi 40 pa njinga yamoto, 3 sauzande. Nyumba ya njerwa zosawotcha, denga theka malata opindika omwe anatola mmatope theka lona wa buluu. Amayi anandiona ndili patali nkuyamba kululuta kenako kundikalipira kuti ndaonda. Agogo anali gone pa mpando wa ndalema pansi pa mtengo. Amayi akuti za katundu mawa, lero usambe udye.

Lachisanu, 13 Okutobala

Ndinawapatsa mmawa titamwa tiyi. Ndinagwada, iwo anachilandira ndi manja awiri amvekere takhuta, takhuta (zikomo mu Chisena), kenako phee. Anachitembenuza, kuchinunkhiza (mtima wanga phaa, poganiza kondakitala uja), kupisa chala mkati, nkundiuza kuti ndiwerenge kakalata kali mkatimo. Kanalembedwa kuti chinapangidwa ku China. Amayi anaseka mpaka kutsamwa. Chinawakulira pang'ono nde tinapinda pepala la kope nkulowetsa mu lamba wamkati, chinakhala bwino.

Chithunzi anachiyang'ana nthawi yaitali, maso awo ndi ofooka nde ndimachita kukuza ndi zala. Asisi anawadutsa msanga, amvekere wanenepa, kwezani kumtundako. Ndinawauza kuti chibolibolicho anachitcha Antelope, iwo akuti eya, chilembwe ndi nyama ya mtchire, ana a lero simudziwa. Kenako anafunsa ngati chaima pamanda pake. Ndinati ayi agogo, anamuombera pa 3 Febuluwale 1915 mbali ya ku Mulanje akuthawira ku malire, patangotha masiku ochepa chiyambireni kuukira pa 23 Januwale, anamuika mobisa, manda ake sadziwika mpaka lero, tchalitchi chake chija anachiphulitsa. Anagwedeza mutu nkuti ngati a kwathu ku Makhanga, manda opanda malo.

Nde anayamba nkhani yomwe sindinaimvepo chibadwire. Bambo awo anabwera kuno ali kamnyamata kuchokera kwa Apwitikizi, kuthawa nkhondo ya Makombe ya 1917 ndi chibalo ndi mbalamatodya (thabwa lomenyera anthu mmanja), ankati kwa Angelezi kuli bwino. Atakula nkuyamba kulima thonje, chaka china atagulitsa bwino anagula chipewa mu sitolo ya Mmwenye pa Chiromo. Agogo akuti anali ndi zaka ngati 8, akuyenda nawo kuchokera kumsika, kutsogolo kukubwera mzungu pa njinga. Lamulo lake umavula akadali patali nkupatuka mumsewu. Bambo awo anali atasenza mtolo paphewa dzanja lina atagwira nkhuku, anachedwa. Mzunguyo sanaime nkomwe, anangotambasula ndodo podutsa nkuchigwetsera mmatope. Anatola ndi agogo. Akuti bambo awo sanalankhule njira yonse, chipewa anachinyamula mmanja mpaka kunyumba, ndipo madzulo ake anawakwapula agogowo koopsa pa nkhani ya mbuzi yomwe inalowa mmunda dzana lake, nkhani yoti inatha kale. Akuti ndinadzamvetsa ndili ndi ana anga kuti sankamenya ine.

Ine pofuna kuoneka wophunzira ndinati komatu agogo ngakhale ife timavula chipewa kwa amfumu, pamaliro, kwa apongozi. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. Kwa amfumu ndimavula ndekha, uja ankativula. Basi anathera pomwepo nkupempha madzi.

Ndinawauza zomwe ndinawerenga, kuti boma la atsamunda litakhazikitsa komiti yofufuza chomwe chinayambitsa kuukira kuja, anthu akuda amene anakapereka umboni anadandaula za thangata ndi zikoti za mmaesiteti ngati wa Magomero, koma nkhani ya chipewa imangobwerabwera. Poyamba ndinkaona ngati nkhani yaing'ono pambali pa msonkho ndi malo olandidwa, mpaka lero mmawa.

Amayi amene amapeta mapira chapafupi analowerera, amvekere musamangonena azungu, ife buluku anatiletsa ndi wakuda mnzathu. Zoona, lamulo la kavalidwe la 1973, mkazi osavala buluku kapena siketi yaifupi mpaka nthawi ya matipate. Akuti pa msika wa Bangula ayufi ankaima pa geti, wopanda khadi la chipani osalowa, mayi woyembekezera ankamugulitsa awiri, lina la mwana ali mmimba. Agogo anawonjeza kuti ngakhale Gwanda Chakuamba, mwana wa kuno kwathu amene ankaopedwa dziko lonse, anamutsekera mu 1980 nkudzatuluka 1993. Nde ku Lilongwe chiboliboli cha Kamuzu chilipo chachikulu bwino, ndinachionapo, cha anthu ankagulitsidwa makadi aja sindinachione. Izi ndanena ine, agogo anali atayamba kale kusinza chipewa chili pa bondo.

Loweruka, 14 Okutobala

Mmawa kunabwera uthenga kuti kwa amfumu kuli kutsimikiza mayina a olandira chimanga, a bungwe lina abwera. Ndinati ndiwaperekeze agogo. Ndinadabwa akutuluka mnyumba atavala malaya ong'ambika paphewa ndi kapusi yakale yotuwa ija, ndinati nanga chipewa? Amayi ndi agogo anayang'anizana ngati ndapenga. Akuti ukapita ndi chipewa cha ku London pamzere wa chimanga dzina lako alidula lero lomwe, anthu anena kuti awa ali ndi mdzukulu kunja akufunanso chani. Ndipo iwenso ukaime patali ndi nsapato zakozo.

Ndinaima patali pansi pa mtengo wa mlambe. Anthu ngati mazana awiri padzuwa, kuyambira 8 mpaka 12 koloko. Pa tebulo panali kamnyamata kosapitirira zaka 25, kovala vesiti ya bungwe, kakulemba pa tabuleti osadzutsa mutu. Sikanali kamwano ayi, kanangotopa, nakonso kanali thukuta lokhalokha. Itafika nthawi ya agogo ndinaona avula kapusi ija akadali masitepe atatu, aigwira ndi manja awiri pamimba, awerama pang'ono, ndipo ngakhale ndinali patali ndinaona pakamwa pawo pakutuluka mawu oti bwana. Palibe anawauza kuti avule. Zinandiwawa, ndinafuna kupita kukawaveka, kenako ndinakumbuka kuti ineyo abwana anga akaimba foni ndimaimirira ngakhale ndili ndekha mchipinda. Dzina linapezeka. Pobwerera anali osangalala, amvekere pyadidi (zili bwino), thumba limodzi likubwera mwezi wamawa.

Madzulo tinakwera pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndi pokhapo pamene netiweki imagwira, kuti asisi awaone pa vidiyo. Apa nde anavala chipewa, ndi jekete lomwe, dzuwa la 5 koloko likuwotchabe. Asisi kulira kachiwiri, chithunzi chikumaima nkumayenda. Za mmawa sitinawauze. Mkati mocheza anati mwamwayi anakachiona msanga poti chaka chamawa achitsitsa, pamwala umenewo zinthu zimasinthana, chilichonse chimakhala zaka ziwiri kapena kuchepera. Akuti mwalawo anaumanga mu 1841 kuti aikepo mfumu yawo ili pa hatchi, ndalama zinatha, unakhala wopanda kanthu zaka zoposa 150. Agogo anaseka mpaka kutsokomola, akuti kani azungunso ndalama zimawathera pakati pa ntchito, ngati doko lathu la ku Nsanje lomwe anatsegula ndi magule mu 2010 sitima yake tikuidikirabe.

Kenako anati akachitsitsa auze mwana wa Kambaluyo achibweretse kuno. Asisi amvekere chikaime pati agogo? Iwo akuti kwawo ku Mbombwe. Ine ndinati bwanji pa Bangula pa siteji, amayi ali pansi pa chulu anakuwa kuti kuno ayi, madzi adzachitenga. Bandulo inathera pomwepo.

Lamulungu, 15 Okutobala

Amayi avala chitenje chawo, akuti mtundu wake ndi wa atsikana koma sanachivule tsiku lonse. Tinapha nkhuku yomwe ndinagula kwa aneba 6 sauzande, mpunga wa kuno wonunkhira uja.

Ku tchalitchi agogo anapita ndi chipewa. Ndinawakumbutsa za mayina, akuti alemba kale dzulo. Anayenda pang'onopang'ono dala, ndodo kutsogolo, ana asanu akuwatsatira pambuyo, azibambo anzawo kuwaimitsa aliyense kufuna kuchigwira. Thukuta limatsika mmasaya kuchokera pansi pa chipewacho, chinthu anachisokera chisanu cha ku London ichi, koma osachivula. Pakhomo la tchalitchi anaima, anachivula ndi dzanja limodzi, nkulowa nacho chili pachifuwa. Mapemphero onse chinali pa bondo, mwana wa aneba atafuna kuchikhudza anamumenya kadzanja.

Usiku ndinaona amayi akuchikulunga mu chitenje chakale nkuchiika mu ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro, momwe amasungamo ziphaso ndi makadi a kuchipatala. Ndowayo amaimangirira ku mtanda wa denga. Akuti madzi akabwera usiku imeneyo ndi yoyamba kunyamula.

Lolemba, 16 Okutobala, Bangula

Ndadzuka 4 koloko kuti ndioloke kusanatenthe. Agogo anali maso kale, anandiitana nkundifumbatitsa kanthu, K500 yopindidwa kanayi yofewa ngati nsalu, akuti ya boti. Boti ndi 1,500 koma sindinanene, ndipo sindinaigwiritse ntchito, ili kuseri kwa kava ya foni. Amayi andinyamulitsa mlamba wouma ndi malambe, chikwama chikununkha kale, amene ndikhale naye pampando andipirire.

Kuoloka lero kunali bwino, anthu ochepa, kamwana kokapa madzi kaja kanandizindikira nkufunsa kuti chipewa chija mwagulitsa? Ndikulemba izi ndili mu minibasi pa siteji, 8 koloko yakwana, akuti Blantyre dairekiti 10 sauzande sitikugulitsani pa Ngabu. Muli anthu anayi, awiri ndawazindikira kale kuti sakupita kulikonse.